Wosula Akagoneka Nyundo

Amuna anga anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Ntcheu. Lero ndi mlonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Coolock, kuno kudziko la azungu, koma uphunzitsi sunawachoke m'thupi. Ukawafunsa tanthauzo la liwu limodzi, khazikika, chifukwa sukulu yayamba. Akuuza komwe liwulo linabadwira, makolo ake, ndi abale ake onse amene anabalalikira m'maiko. Buku lawo la matanthauzo a mawu, lija lokhuthala ngati njerwa, tinawoloka nalo nyanja pamene zitenje zanga zinayi zinatsala pabwalo la ndege chifukwa katundu anali atalemera. Nkhani imeneyo sindinaiiwale, ndipo iwo akudziwa kuti sindinaiiwale.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndinaiyamba mapepala athu atangotuluka, titachoka ku hositelo ya anthu opempha malo okhala m'dziko lino n'kupeza kanyumba ku Balbriggan. M'chaka chimene ndikusimbachi, kampani inandipatsa nkhalamba ina ya ku Skerries, siteshoni yotsatira ukakwera sitima yolowera m'tauni. Anali bambo wamtali, wa zikhatho ngati mafosholo, amene sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja n'kuwalanda mawu. Mumtima ndinkangowatchula kuti madala, ndipo panonso ndiwatchula chomwecho.

Tsiku loyamba mwana wawo wamkazi, mayi wa msinkhu wanga amene anali atabwerera kudzakhala ndi bambo ake, anandikokera kukhitchini n'kundiuza mmene zinthu zinalili. Madala sankadya. Thupi linkatha sabata ndi sabata, ndipo lamba anali atamuboola kale mabowo awiri atsopano. Nesi wa m'deralo ananena mosapsatira kuti akabweranso pakatha masabata atatu n'kupeza sikelo yatsikanso, madala apita ku nyumba ya okalamba. Koma madalawo anabadwira m'nyumba imeneyo, ndipo adakali ndi mawu anamulumbiritsa mwana wawoyo kuti adzatulukamo ali m'bokosi basi. Mayiyo ankandiuza zonsezi akupukuta kapu imodzimodzi imene inali itauma kalekale.

Vuto, malinga ndi buku limene osamalira tonse timalembamo, linali supuni. Ikakwana nthawi ya chakudya, madala ankatola kasupuni ka tiyi ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kugogoda thireyi yachitsulo imene tinkaikapo mbale. Ngwe. Ngwe ngwe. Anzanga amene anayamba kupitako analemba kuti nkhalambayo ndi yovuta, imapsa mtima ikaona chakudya. Ena ankawalanda kasupuniko, ndipo akawalanda, pakamwa pankatsekeka osatsegukanso. Ine ndinadziona wochenjera kuposa onsewo. Kasupuni ndinawasiyira, koma ndinapinda thaulo n'kuliyala pathireyi kuti phokoso lithe. Kenako ndinayamba kuwadyetsa mbatata yopondaponda mmene ndinazolowerera: mawu otsekemera, kumwetulira, supuni iyi ikutuluka inzake ili kale pakhomo. Ola limene kampani imapereka ndi lomwelo losambitsa, kudyetsa ndi kutsuka mbale, ndiye munthu umaphunzira changu.

Madala anayang'ana thaulo lija, n'kuyang'ana ine. Ndayang'anidwapo moipa pamoyo wanga, apongozi anga aakazi anali katswiri pa zimenezo, koma maso awa anali a mtundu wina. Sitiroko inawasiyira mawu awiri okha. Limodzi sindingalilembe pano poti ndine wa kwaya kutchalitchi. Tsiku limenelo anasankha linalo.

"Anvil," anatero, n'kutseka pakamwa mpaka ola langa linatha.

Sabata yonse inatha chomwecho. Masupuni anayi, mwina asanu, kenako liwu lija, kenako chitseko chatsekedwa. Liwulo sindinkalidziwa. Ndikanatha kufunsa mwana wawo, koma pa mapepala anga a ntchito panalembedwa kuti Chingerezi changa ndi chapamwamba, ndipo ndine amene ndinalembapo. Safunsa anadya phula, ndikudziwa, koma manyazi ali ndi mphamvu kuposa miyambi. Ndinalinyamula liwulo n'kupita nalo kunyumba.

Lamlungu titabwerako kutchalitchi, amuna anga atavula nsapato n'kutambalala pa sofa, ndinawaponyera.

"Bambo, kodi anivilo ndi chiyani? Client wanga wa ku Skerries amangonena zomwezo nthawi ya lunch."

Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Anvil! Mayi, mwafika pa ofesi yoyenera. Khalani pansi."

"Ndakhala kale."

"Khalitsitsani."

Anakatenga njerwa ija pamwamba pa kabati, navala mandala awo a mpira kumbali imodzi, n'kuimirira pakati pa chipinda ngati kuti patsogolo pawo pali ana makumi asanu. Anati liwu limeneli ndi lakalekale, Angerezi asanadziwe n'komwe kuti padziko pali tiyi. Makolo awo ankalitchula kuti "anfilte", ndipo ukaling'amba pakati, mbali yoyamba ikutanthauza pa, yachiwiri kumenya. "Ndiye kuti chomenyerapo, mayi. Chinthu chimene ntchito yake ndi kukhala phee n'kumamenyedwa." Pamenepo anandiyang'ana pamwamba pa mandala ngati kuti akunena za iwo eni m'banja lathu. Anapitiriza kuti liwulo lili ndi msuweni wake, nsalu ija yokhuthala yopangira zipewa, chifukwa nayonso amaipanga pomenya ubweya. Anati m'khutu la munthu muli kafupa kochepa kuposa njere ya mpunga kamene anakapatsa dzina lomwelo. Anatinso mtambo wa mvula yamabingu ukaphwatalala pamwamba, akatswiri a zanyengo amautchula chomwecho.

"Ndiye matenda ndawapeza," anatero akutseka buku. "Madala anu likuwapweteka ndi khutu. Akagogoda amafuna kumva ngati kafupa kaja kakugwirabe ntchito. Muwauze awatengere kwa dokotala wawo, GP uja, first thing Monday."

"Nanga tanthauzo loyamba ndi liti? Mwayambira pakati."

"Aa, limenelo ndi la anthu wamba. Chitsulo chimene osula amasulirapo. Zija za malemu apongozi anga."

Anapitiriza kulankhula, ndikuganiza kuti anafika mpaka ku Chijeremani, koma ine ndinali nditachoka kale m'chipindamo.

Bambo anga anali wosula kwathu ku Balaka. Izi amuna anga ankazidziwa, ngakhale kuti kwa abale awo ndinkati bambo ali pa bizinesi ya zitsulo. Chimene sankadziwa ndi ichi: bambo anabereka ana aakazi okhaokha asanu, ndipo mwamuna amene ankawathandiza kumenya nyundo yaikulu anali wokonda kachasu kuposa ntchito. Ndiye kuyambira ndili mu Sitandade 7, ndikaweruka kusukulu ndinkavula yunifolomu n'kulowa m'chipala, mosuliramo zitsulo. Poyamba ndinkangovukuta mvukuto, kenako anandipatsa nyundo. Chosulirapo chathu chinali chidutswa cha njanji chokhomeredwa pachitsa. Pamenepo tinkasandutsa masipuling'i a galimoto zakufa kukhala nkhwangwa ndi zikwanje. Anzanga ankandiseka kuti ndikununkha makala, anyamata ankati mikono yanga ndi ya mwamuna, ndipo nditangopeza malo ku sekondale ndinaikwirira mbiri yonseyo, pamwamba n'kubzalapo maluwa.

Lolemba ndinafika ku Skerries mofulumira kuti ndimupeze mwana wa madala asanapite kuntchito. Ndinamufunsa ngati bambo ake anali wosula. Anadabwa kuti sindinkadziwa. Ananditsogolera kuseri kwa nyumba n'kutsegula kashedi kodzaza ndi akangaude. Chinali pamenepo, chitsulo chakuda chonenepa, cha nyanga imodzi kutsogolo, pamwamba pake ataikapo zitini za penti. Anati bambo ake ankaveka mahatchi nsapato zachitsulo, ankapanga mageti, ankakonzera asodzi a padoko zitsulo za maboti, monganso ankachitira agogo ake. Iye mwini sankaloledwa kulowamo ntchito ili mkati, ankauzidwa kuti akawerenge mabuku. Anati liwu lija atalimva koyamba anaganiza kuti madala akufuna kuona chitsulo chawo, ndiye anawakankha panjinga yawo ya olumala mpaka m'shedimo. Madala anangochiyang'ana pang'ono n'kutulutsa liwu lawo lachiwiri lija.

Ndinachotsa chitini chimodzi n'kugogoda chitsulocho ndi kiyi wa kunyumba kwanga. Chinalira. Njanji ya bambo inkalira mopyapyala kuposa pamenepo, koma kulira kwake kunali kwa mtundu womwewo, ndipo ndinakumva m'mano.

Masana amenewo thaulo sindinaliyale. Sindinganame kuti ndinali nditazindikira kanthu, ayi. Ndinangoona kuti si ulemu kutsekera wosula phokoso la chitsulo. Madala anatola kasupuni kawo. Ngwe, kamodzi, pafupi ndi mbale, maso ali pa ine. Ndinapereka supuni ya mbatata, ndipo anatsegula pakamwa. Kenako anakagoneka kasupuni kaja chammbali pathireyi, dzanja lili pomwepo. Ine mwa chizolowezi ndinali nditatapa kale ina, ili m'njira, pakamwa panga pakutuluka kale nyimbo ija ya tiyeni agogo, kamodzi kokha. Koma mkono wanga unaima wokha m'malere, mutu usanauuze.

M'chipala simulankhulidwa. Moto ukulilima, mvukuto ukupuma, chitsulo sichidikira kuti munthu amalize chiganizo. Wosula amagwira mbaniro kudzanja limodzi, kanyundo kakang'ono kudzanja linalo, ndipo kanyundoko ndiko kamalankhula. Akagogoda kamodzi, ndiye kuti menya apa. Akaliza kawiri pachosulirapo, ndiye kuti fulumira chitsulo chisanazizire. Akakagoneka chammbali, ndiye kuti leka, ngakhale nyundo yako ili kale pamwamba pa mutu, ngakhale iwe ukuona kuti pakufunika kamodzi kena. Ndinaphwanyapo lamulo limeneli tsiku lina ndili wamng'ono, n'kung'amba khasu la munthu limene linali litatsala pang'ono kutha. Bambo sanandimenye. Anangondifunsa kuti, "Wamva ndani?" Funso limenelo linandiwawa kuposa mbama.

Ndiye ndinadikira, supuni ili m'malere. Ndinayang'ana pakhosi pa madala. Mbatata ija inali idakali m'kamwa. Ankalimbana nayo pang'onopang'ono, maso atatseka, mitsempha ya m'khosi itaima. Inatenga nthawi yoti munthu n'kumanga mpango kumutu, kuumasula, n'kuumanganso. Kenako pakhosi panayenda. Anatsegula maso, natola kasupuni. Ngwe.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Munthuyu sankapsa mtima ndi chakudya. Ankaopa kutsamwa, ndipo ankatiuza nthawi yoperekera ndi nthawi yolekera m'njira yokhayo imene inawatsalira, njira imene anaigwiritsa ntchito moyo wawo wonse polamula anthu a nyundo yaikulu. Ife tinkawapakira chakudya asanameze, n'kumalemba m'buku kuti ndi ovuta. Anzanga aja ndingawakhululukire, sanalowepo m'chipala. Koma ine, mwana wa wosula, ndinafika n'kuyala thaulo pachosulirapo cha munthu.

Mbale ija inatha yonse. Inatenga ola ndi theka, sitima yanga inandisiya, ndipo mayi amene ndinkayenera kukawasambitsa ku Balbriggan anandilandira ndi mawu. Pomwe ndinkapala zotsalira m'mbale, madala analiza kawiri, ngwe ngwe, kundiuza kuti ndikuchedwa. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inasekako pang'ono.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amuna anga asananyamuke kupita kuntchito. Anamvetsera akumanga zingwe za nsapato.

"Mwaona? Ndinanena ine kuti yankho lili m'liwulo."

"Munati khutu."

"Khutu linali second opinion. Koma inu zoti kanyundo kamalankhula mwazidziwira kuti?"

Ndinawauza. Zonse, mvukuto, njanji, khasu long'ambika. Anasiya chingwe cha nsapato n'kuyang'ana mikono yanga kwa nthawi yaitali ngati akuiona koyamba.

"Mayi, zaka twenty-two ndakhala ndikukangana ndi munthu wa nyundo yaikulu osadziwa? Bwenzi mutandichenjeza."

"Mukanandikwatira?"

"Ndikanakukwatirani, koma nkhani ya zitenje ija ndikanapepesa msanga."

Kenako anandifunsa, tsopano mosaseka, kuti chitsulo chija kwathu tinkachitchula kuti chiyani. Ndinaganiza n'kupeza kuti chinalibe dzina lapadera. Bambo ankangoti ika panjanji, chotsa panjanji. Amuna anga anatsitsa njerwa yawo ija, buku limene mwana wathu analetsedwa ngakhale kulikhudza ndi manja onyowa, n'kulemba ndi bolopeni m'mbali mwa liwu lija kuti: njanji, Balaka. Anatsala pang'ono kuphonya basi tsiku limenelo.

Ntchito yotsatira inali kuphunzitsa ena, chifukwa ine ndinkapitako masana okha. Amuna anga anadzipereka kulemba malangizo a m'buku la osamalira m'Chingerezi chabwino. Anabwera ndi masamba awiri odzaza, loyamba lonse likufotokoza za "anfilte" ndi msuweni wake wa zipewa. Mwana wa madala anawawerenga mwaulemu, nathokoza kwambiri, n'kulemba mizere itatu pa katoni ya phala: akagogoda kamodzi perekani, akagogoda kawiri fulumirani, akagoneka supuni dikirani. Anaimata pafiriji. Amuna anga mpaka lero amati anthu a kuno sakonda kuwerenga.

Mwanayo ndiye anavutika kwambiri kuphunzira. Anali ndi mantha, ndipo munthu wamantha sadziwa kudikira. Madzulo ena ndinatsala kuti ndimuonetse, nditaima kumbuyo kwake, ndipo madala akagoneka kasupuni ndinkamugwira chigongono. Tsiku lachitatu anadikira yekha. Bambo ake atameza anamuyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi. Mwanayo, mayi wamkulu ndithu, anathamangira kubafa, ndipo ndinamva akutsegula mpopi kuti tisamve kulira kwake.

Nesi anabwera pa tsiku lake, ndi sikelo yake yokhala ngati mpando. Thupi silinakwere kwenikweni, koma silinatsike, ndipo aka kanali koyamba chichokereni madala kuchipatala. Nesiyo anali munthu wosakhulupirira nkhani za pakamwa, ndiye anakhala pansi kuti aone yekha. Anaonerera mbale yonse. Pakati pake anayamba kundifunsa mafunso, ine n'kutembenuka kuti ndiyankhe, ndipo madala anatilizira tonse awiri, ngwe ngwe. Nesi anapepesa kwa iwo, osati kwa ine. Potuluka anamuuza mwana wawo kuti za nyumba ya okalamba aziike kaye pambali, ndipo anapempha kujambula katoni ya pafiriji ija pafoni yake.

Madala anakhala m'nyumba mwawo nyengo yonse yozizira. Ine ndinali wa nyundo yaikulu, iwo mwini chipala, ndipo sanandilole kuiwala zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Phala likatentha kwambiri ankagogoda mphepete mwa mbale. Ndikabwera nditakwiya ndi za kwathu n'kumapereka supuni mwaukali, ankagoneka kasupuni n'kundiyang'ana mpaka ndipume. Nthawi zina ndinkawayankha m'Chichewa, kuti inde bwana, ndamva bwana, ndipo sankaoneka kuti akufuna womasulira.

Masiku atayamba kutalika, chifuwa chinawagwira. Dokotala anabwera kunyumba konko, nalankhula ndi mwana wawo pakhomo motsitsa mawu. Mbale inayamba kuchepa, kuchoka pa yodzaza kufika pa theka, kenako masupuni owerengeka a kasitadi.

Lachiwiri lina masana, dzuwa likulowa pawindo loyang'ana kudoko, mwana wawo anali atapempha tchuthi kuntchito ndipo anakhala nafe. Ngwe. Ndinapereka. Anagoneka kasupuni, ndinadikira, anameza. Ngwe, mofooka. Ndinaperekanso. Kachitatu anagoneka, ndipo ine ndinatapa ina n'kuigwira m'malere monga mwa masiku onse. Pakhosi panayenda. Anatsegula maso. Koma kasupuni sanakatole. Anakakankha pang'ono ndi chala chimodzi, nachotsa dzanja pathireyi n'kuliika pamwendo, maso ali pa ine, odekha, a munthu amene akudziwa bwino chimene akuchita.

"Yesaniko imodzi yokha," mwana wawo anandinong'oneza. "Chonde. Masupuni atatu si chakudya."

Ndinkafuna kuyesa. Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna, pakuti ndinali nditawakonda madala amenewa ndi ukali wawo womwe. Supuni inali pafupi ndi milomo yawo, ndipo ndikudziwa kuti ndikanakakamiza akanatsegula, chifukwa mphamvu zokanira zinali zitawathera. Koma m'khutu mwanga munali funso la bambo anga lija. Ndinamuuza mwanayo, m'Chingerezi changa chapamwamba chija, kuti wosula akagoneka nyundo, womenya samenyanso. Kenako ndinatsitsa supuni yanga n'kuigoneka pathireyi pambali pa kawo.

Mwanayo anasuntha mpando, nachotsa thireyi, n'kugwira chikhatho chija chonga fosholo ndi manja ake awiri.

Madala anamwalira Lachisanu m'mawa, pabedi lawo, m'chipinda chapamwamba pa khitchini. Anatuluka m'nyumba ija kudzera pakhomo la kumaso, atanyamulidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi, ali m'bokosi, monga ananenera.